OL DOINYO LENGAI, PHIRI LOSANZA CHIDULO

Mwa mapiri ophulika amene timamva m'phunziro la Jogalafe, ambiri a ife tidziwa Vesuvius wa ku Italy, amene anakwirira mzinda wa Pompeii m'chaka cha 79, ndi Krakatoa wa ku Indonesia, amene anaphulika mu 1883. Mapiri amenewa ali kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere. Koma m'dziko la anansi athu a ku Tanzania muli phiri lina lamoyo limene odziwa za miyala amati lilibe linzake pa dziko lonse lapansi. Dzina lake ndi Ol Doinyo Lengai.

Mapiri ena akamaphulika amatulutsa chiphalaphala chofiira cha mwala wosungunuka. Ili limatulutsa chiphalaphala chakuda bii, chimene chimasanduka choyera ngati ufa pakapita masiku owerengeka, ndipo mbali yaikulu ya chiphalaphalacho ndi soda, mbale wake wa chidulo chimene amayi athu amaphikira therere. M'nkhani ino ndifuna kufotokozera anzanga chifukwa chake phirili litero, chimene linaphunzitsa anthu za miyala ya kwathu kuno, ndiponso chimene chimakoka alendo kuti azivutika kulikwera usiku.

Kumene phirili lili

Phiri la Ol Doinyo Lengai lili kumpoto kwa Tanzania, m'chigawo cha Arusha, kumwera kwa Nyanja ya Natron imene yatsamira malire a Kenya. Msinkhu wake ndi mamita pafupifupi 2,960 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye kuti nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, imene ili mamita 3,002, ilipambana pang'ono chabe. Koma maonekedwe a mapiri awiriwa ali osiyana ndithu. Mulanje ndi wotambalala, wa nsonga zambiri, wa mitsinje ndi mikungudza. Lengai laima lokha m'chigwa chouma, losongoka ngati denga la nkhokwe, ndipo kuchokera patsinde kufika pamwamba pali mamita monga 2,000. Munthu woliona ali patali angayese kuti pansonga pake pagwa chipale chofewa monga pa Kilimanjaro, chonsecho kuyerako ndi soda.

Eni dzikolo ndi Amasai, anthu oweta ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. M'chinenero chawo dzinali litanthauza Phiri la Mulungu, pakuti iwo amatchula Mulungu kuti Engai. Kukachita chilala, kapena mkazi akasowa mwana, ena mwa iwo amapita kuphiriko kukapempha ndi kukapereka nsembe, monga makolo athu ankachitira pa kachisi. Mzungu woyamba kufika pafupi nalo ndi kulemba za ilo anali Mjeremani dzina lake Gustav Fischer, mu 1883, ndipo mu 1904 Ajeremani ena awiri, Carl Uhlig ndi Fritz Jaeger, anakwera kufika pamwamba.

Moto uchokera kuti?

Dziko lapansi tingaliyerekeze ndi dzira. Kunja kuli chigoba cholimba, ndipo m'kati muli miyala yotentha koposa. Tsono chigobacho si chimodzi chogwirana: chagawika m'zipande zikuluzikulu zimene zimasuntha pang'onopang'ono. Kum'mawa kwa Africa chigoba chili kung'ambika, ndipo zipande ziwiri zili kutalikirana mamilimita owerengeka pa chaka. Ngakhale zikhadabo zathu zimakula msanga koposa apo. Koma ntchito imeneyi yachitika zaka mamiliyoni ambiri, ndipo pamene chigoba chakokedwa, nthaka ya pakati yatitimira n'kusiya chigwa chachitali chokhala ndi zipupa za mapiri uku ndi uku. Ichi ndicho Chigwa Chachikulu cha Rift.

Chigwachi chili ndi nthambi ziwiri. Nthambi ya kumadzulo ndiyo ili ndi nyanja zikuluzikulu, monga Albert, Edward, Kivu, Tanganyika ndi Nyanja ya Malawi yathuyi, imene kuya kwake kufika mamita 700 kumpoto. Nthambi ya kum'mawa imachokera ku Ethiopia, n'kudutsa Kenya, n'kulowa kumpoto kwa Tanzania, ndipo Lengai lili m'nthambi imeneyi. Ife a ku Malawi tilibe phiri lophulika lamoyo, pakuti oyandikana nafe ndi a ku Rungwe, pafupi ndi Tukuyu ku Tanzania. Koma zizindikiro za kung'ambikako tili nazo: chivomezi cha ku Salima cha mu 1989, zivomezi za ku Karonga za mu December 2009, ndi akasupe a madzi otentha a ku Chiweta ndi ku Nkhotakota.

Pamene chigoba chapyapyala, miyala yotentha ya pansi imakwera. Ikamakwera, kulemera kumene kunaipsinja kumachepa, ndipo mbali ina ya miyalayo imasungunuka. Chosungunukacho n'chopepuka koposa mwala wozungulira, chotero chimafuna njira m'ming'alu kulinga kumwamba. M'kati mwake mulinso mpweya wambiri wosungunukiramo. Aliyense amene anasungapo thobwa m'botolo lotsekedwa mpaka kusasa adziwa chimene chichitika potsekula. Ndimo muchitiranso phiri: mpweya ukapeza potulukira bwino, chiphalaphala chimangoyenda mwakachetechete, koma ukatsekeredwa n'kuchuluka, phiri limaphulika n'kuponya phulusa m'mwamba. Mwa njira imeneyi Lengai lamangika, phulusa pamwamba pa phulusa, ndipo poyerekeza ndi mapiri ena ndi khanda, pakuti silinakwanitse zaka miliyoni imodzi.

Chiphalaphala cha mtundu wina

Chiphalaphala cha mapiri ena chimakhala ndi silika wambiri, chinthu chomwecho chimene chipanga mchenga ndi galasi. Cha ku Hawaii chimatuluka ndi kutentha kwa madigiri 1,100 kufika 1,200, ndipo chimafiira ngati chitsulo cha m'ng'anjo ngakhale masana. Thupi lalikulu la Lengai nalonso linamangidwa ndi phulusa ndi miyala ya silika. Koma chimene chimatuluka m'dzenje la pamwamba pake pa masiku amene phirili lili phee ndi china. Silika mulibe, kupatula pang'ono zedi. Muli soda wa mitundu iwiri, wa sodium ndi wa potassium, pamodzi ndi laimu. Wa sodium ndi wofanana ndi soda wochapira, ndipo wa potassium ndiye amapezeka m'chidulo chimene amayi amatcheza ndi phulusa la zitsononkho kapena la mapesi.

Kutentha kwa chiphalaphalachi ndi madigiri 500 kufika 600 okha, ndiye kuti n'chozizira koposa chiphalaphala china chilichonse chodziwika. Poto wa aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, chotero akatswiri amatha kuchitunga ndi chipande chachitsulo popanda chipandecho kusungunuka. Koma wina asanyengedwe ndi mawu akuti n'chozizira: madzi amawira pa madigiri 100 okha, ndipo tonse tidziwa chimene madzi owira achita pa khungu. Chifukwa cha kuchepa kwa kutenthako, masana chimaoneka ngati matope akuda, ndipo ndi usiku wokha pamene chimaonetsa kufiira kwa khala lofuna kuzima. Chilinso chamadzimadzi kwambiri, moti chimathamanga ngati mafuta ophikira otayikira pansi.

Chikauma, m'kati mwake mumapezeka timiyala ta mitundu iwiri tosowa kwambiri kwina. Wina anautcha nyerereite, polemekeza Julius Nyerere, mtsogoleri woyamba wa Tanzania, ndipo wina gregoryite, pokumbukira John Walter Gregory, Mngelezi amene anayenda m'chigwachi ku Kenya mu 1893 n'kulongosola mmene chinapangikira. Timiyala timeneti sitigwirizana ndi chinyontho. Tikakhudzana ndi mame, nkhungu kapena mvula timasintha, ndipo mwala umene unali wakuda dzulo umayamba kutuwa, kenaka kuyera, mpaka kufumbutuka ngati ufa. Ichi ndicho chifukwa chake nsonga ya phirili ioneka yoyera.

Nanga soda ameneyu achokera kuti? Pansi pa Lengai mwala wosungunuka uli ndi mpweya wa carbon dioxide wochuluka pamodzi ndi sodium wambiri. Pamene uli kuzizira pang'onopang'ono m'mimba mwa phiri, umafika poti sungathenso kusunga zonsezo pamodzi, ndipo umapatukana pawiri monga achitira mafuta ndi madzi m'mbale imodzi. Mbali ya silika imatsalira pansi, ndipo mbali ya soda, pokhala yopepuka ndi yamadzimadzi, imakwera n'kukatulukira pamwamba.

Mtsutso umene phirili linathetsa

Apa ndipo nkhani ya Lengai ikhudza dziko lathu. Pa Nyanja ya Chilwa pali chilumba cha Chisi, chimene m'mabuku a miyala chimatchedwa Chilwa Island. Frank Dixey, amene anali mkulu woyang'anira za miyala m'Boma la Nyasaland, anapeza kuti pakati pa chilumbachi pali mwala wa laimu wodabwitsa. Mwala wa laimu wamba umapangika pansi pa madzi, kuchokera ku zigoba za nkhono ndi tizilombo tina, ndipo umagona m'mizere yopingasa. Koma wa pa Chisi unaima chilili, wozungulira ngati chitsa cha mtengo, ndipo unaboola miyala ina kuchokera pansi. Mu 1937 Dixey ndi anzake awiri, Campbell Smith ndi Bisset, analemba za miyala imeneyi, ndipo inakhala yoyamba mu Africa kuzindikiridwa kuti ndi ya mtundu wotchedwa carbonatite, ndiye kuti mwala wa laimu umene unakwera kuchokera pansi pa dziko uli wosungunuka. Dzinali linayambira ku Norway mu 1921, kumene kunapezeka mwala wofanana nawo pa malo otchedwa Fen.

Akatswiri ambiri sanavomereze maganizo amenewa, ndipo chifukwa chawo chinali chomveka. Anthu otentha laimu, monga a ku Balaka, adziwa kuti mwala wa laimu ukaikidwa pa moto waukulu susungunuka: umangotaya mpweya wake n'kusanduka laimu wopaka nyumba. Tsono otsutsawo ankafunsa kuti, kodi mwala umene susungunuka m'ng'anjo ungayende bwanji ngati phala pansi pa dziko? Iwo ankati miyala yotere ndi laimu wamba amene anakankhidwa kapena kunyamulidwa ndi chiphalaphala china. Mtsutsowu unatenga zaka zambiri, pakuti panalibe munthu amene anaonapo ndi maso ake chinthu chotere chili kuyenda.

Yankho linadza mu 1960 kuchokera mbali ziwiri. Ku America akatswiri awiri, Wyllie ndi Tuttle, anaonetsa m'nyumba yoyesera zinthu kuti laimu akapsinjidwa kwambiri pamodzi ndi madzi amasungunuka ndithu, ndipo safuna moto waukulu. Chaka chomwecho mnyamata wina wogwira ntchito ya miyala m'Boma la Tanganyika, John Barry Dawson, anatsikira m'dzenje la Lengai n'kutola zidutswa za chiphalaphala chatsopano. Ataziyesa anapeza kuti ndi soda ndi laimu, ndipo mu 1962 analengeza zimenezi m'magazini ya sayansi yotchedwa Nature. Kuyambira pamenepo panalibenso wokana kuti mwala wa mtundu umenewu ungatuluke m'phiri uli wosungunuka.

Lero miyala ya carbonatite idziwika pa malo oposa 500 pa dziko lapansi, koma onsewo anazima kalekale, kupatula Lengai lokha. A kwathu, monga Chisi, Tundulu ndi Songwe ku Phalombe, ndi Kangankunde ku Balaka, ali ndi zaka zoposa 100 miliyoni. Iwo ndi mizu ya mapiri amene mitu yawo inakokoloka ndi mvula ya zaka zosawerengeka. Pali kusiyana kumodzi: a kwathu ali ndi laimu wambiri, pamene chiphalaphala cha Lengai chili ndi soda wambiri, amene sakhalitsa chifukwa mvula imamusungunula. Miyala imeneyi si yachabe. Ya ku Tundulu ili ndi fosifeti wopangira feteleza, ndipo ya ku Kangankunde ndi ku Songwe ili ndi zitsulo zosowa zimene zimalowa m'maginito a m'mafoni ndi a m'galimoto zoyendera magetsi. Chotero wofuna kumvetsa chuma chimene chagona pansi pa Balaka ndi Phalombe amakaphunzira ku Lengai.

Phiri likakwiya

Zaka zambiri Lengai limakhala lofatsa. Chiphalaphala cha soda chimangotumphukira m'kati mwa dzenje la pamwamba, n'kumanga timilu tosongoka tonga zulu za chiswe. Koma nthawi zina mwala wosungunuka wa silika uja umakwera kuchokera pansi n'kukumana ndi soda, ndipo mpweya umatuluka wonse nthawi imodzi. Pamenepo phiri limaphulika. Zotere zinachitika mu 1917, mu 1940 ndi 1941, mu 1966 ndi 1967, ndiponso mu 2007 ndi 2008.

Kuphulika kwa mu 2007 kunatsogozedwa ndi zivomezi zambiri m'mwezi wa July, ndipo chachikulu, cha pa 17 July, chinamveka mpaka ku Nairobi. Pa 4 September phiri linayamba kuponya phulusa m'mwamba, ndipo linapitiriza motero, nthawi ndi nthawi, kufika mu 2008. Phulusa la Lengai ndi lowawa chifukwa cha soda. Likagwa pa msipu ziweto zimasowa chakudya, likagwa m'madzi madziwo amaipa, ndipo limayabwa m'maso ndi pakhungu. Mabanja a Amasai okhala kufupi anasamuka ndi ziweto zawo. Kwa munthu amene chakudya chake, chiwongo chake ndi ulemu wake zili m'khola, kutayika kwa msipu ndi tsoka lalikulu. Kuphulikako kunasinthanso phiri lenilenilo: pamene panali bwalo lodzaza mpaka m'milomo panatsala dzenje lakuya mamita oposa 100, limene chiphalaphala chakhala chili kudzazanso pang'onopang'ono kuyambira pamenepo.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma phiri lophulika limaimba ndithu kwa amene ali ndi makutu. Chiphalaphala chikamakwera, nthaka imanjenjemera ndipo phiri limatupa pang'ono. Kuyambira mu 2016 akatswiri a ku Tanzania ndi a ku America anaika makina m'mbali mwa Lengai oyesa kusuntha kwa nthaka mothandizidwa ndi masetilaiti, kuti anthu a m'midzi azichenjezedwa nthawi ikadalipo.

Phindu la phulusa

Phulusa lomwelo limene limawononga msipu chaka chimodzi ndilo limalemeretsa nthaka zaka zambiri zotsatira. Mphepo ya kumeneko imaomba kulinga kumadzulo, ndipo kwa zaka zikwizikwi yanyamula phulusa la Lengai ndi la mapiri anzake, monga Kerimasi amene anazima, n'kulithira pa zidikha za kum'mawa kwa Serengeti. Laimu wa m'phulusalo anapanga nsanamira yolimba pansi pa nthaka, imene mizu ya mitengo siitha kuboola, chotero pamamera udzu waufupi wokha. Udzu umenewo uli ndi mchere umene nyama yoyamwitsa ifuna. Ndicho chifukwa chake nyumbu zoposa miliyoni imodzi zimasonkhana kumeneko nyengo ya mvula, n'kuswa ana awo cha m'mwezi wa February.

Kumpoto kwa phiri kuli Nyanja ya Natron. Ilibe mtsinje wotulukira, ndipo ndi yosaya, yosapitirira mamita atatu. Mvula imakokolera soda wa m'mapiri m'nyanjamo, akasupe otentha amawonjezera wina, ndipo dzuwa limaumitsa madzi n'kusiya sodayo. Madzi ake ndi owawa moti amatentha khungu, ndipo pena amafiira chifukwa cha tizomera tosaoneka ndi maso. Fisi ndi nkhandwe sizingawoloke matope otero. Chifukwa cha ichi mbalame zotchedwa flamingo, za miyendo yaitali ndi nthenga zofiirira, zinasankha nyanjayi kukhala moswera. Zimaumba zisa zadothi zonga timitondo pakati pa matope, ndipo akuti mwa mbalame zinayi zilizonse za mtundu waung'ono wa flamingo pa dziko lapansi, zitatu zinaswedwa pa Natron. Mu 2001 nyanjayi inalembedwa m'gulu la madambo otetezedwa ndi pangano la Ramsar, mmene Nyanja ya Chilwa inalowa mu 1997. Pamene kampani ina inafuna kumanga fakitale ya soda m'mbali mwake, anthu ambiri anakana poopera mbalamezo, ndipo kampaniyo inasiya maganizowo mu 2008.

Pakati pa phiri ndi nyanja, pafupi ndi mudzi wa Engare Sero, pali chodabwitsa china. Kalekale matope a phulusa anatsetsereka kuchokera kuphiri, anthu anapondapo asanaume, ndipo matopewo analimba n'kusunga mapazi awo. Mapazi oposa 400 aonekapo mpaka lero. Akatswiri anapeza kuti anapondedwa pakati pa zaka 5,800 ndi 19,000 zapitazo, ndi kuti ena mwa iwo ndi a gulu la anthu 17, ambiri akazi, amene ankayendera limodzi.

Ulendo wa alendo

Zonsezi ndizo zimakoka alendo. Ochuluka amachokera ku Arusha pa galimoto zolimba, n'kudzera ku Mto wa Mbu, kenaka n'kutsata msewu wafumbi wa m'munsi mwa chipupa cha chigwa, kudutsa ku Engaruka kumene kuli mabwinja a anthu akale amene ankalima mothirira. Amagona ku Engare Sero. Ena amakhutira ndi kuona mbalame, mapazi akale aja ndi mathithi a mtsinje wa pafupi. Koma olimba mtima amafuna kukasuzumira m'kamwa mwa phiri.

Ulendo wokwera umayamba pakati pa usiku, pakuti masana m'chigwamo kutentha kumafika madigiri 40 ndipo m'njira mulibe mthunzi kapena kasupe. Mlendo amanyamula madzi okwanira, tochi, ndodo, nsapato zolimba ndi chovala cha mphepo, popeza pamwamba pamazizira. Wotsogolera amakhala Mmasai wodziwa njira. Poyamba amadutsa m'udzu, kenaka m'mikwasa ya phulusa lotereka, mmene phazi limabwerera m'mbuyo pa kuponda kulikonse. Cha kumtunda phiri limaimirira moti munthu amakwawa ndi manja omwe. Ambiri amatha maola asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo amafika pamwamba m'bandakucha.

Mphotho yake ndi iyi: dzuwa likamatuluka, munthu amaona Nyanja ya Natron kumpoto, mapiri a Gelai ndi Kitumbeine kum'mawa, mapiri a Ngorongoro kumwera chakumadzulo, ndipo kukakhala kopanda mitambo amaonanso Meru ndi Kilimanjaro patali. Pansi pa mapazi ake pamakhala dzenje lofuka nthunzi ndi fungo la mazira owola, ndipo nthawi zina amamva chiphalaphala chili kuwira ngati nsima ya pa ukwati. Chisanafike chaka cha 2007 alendo ankayenda ndi kugona m'mahema m'bwalo la pamwambalo. Kuphulika kuja kunachotsa bwalolo, ndipo amene akwera tsopano amaima m'milomo n'kuyang'ana pansi.

Zoopsa zilipo. Milomo ya dzenje ndi ya phulusa losagwirana ndipo imagumuka. Chiphalaphala chouma pamwamba chingakhale chamadzi pansi pake. Miyala imagubuduzika kuchokera kwa amene ali patsogolo. Kutsika kumavuta koposa kukwera, pakuti maondo amakhala atatopa ndipo dzuwa limakhala litakwera. Nyengo ya mvula njira imaterera, chotero miyezi yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira June kufika October. Safunsa anadya phula: mlendo wanzeru amayamba wafunsa kwa eni mudzi ngati phiri lili pa mtendere, ndipo wotsogolera akati tibwerere, amabwerera.

Alendo ndi eni phiri

Ndalama zimene alendo amalipira zimathandiza anyamata otsogolera, ogwira ntchito m'malo ogona, ndi amayi ogulitsa mikanda. Koma mlendo ndi mame. Iye amabwera usiku umodzi, n'kujambula zithunzi, n'kupita, ndipo phiri likaphulika alendo amaleka kubwera pa nthawi yomweyo imene ng'ombe zili kusowa msipu. Amasai ndiwo amatsala nalo, pa zabwino ndi pa zoipa. Chotero n'koyenera kuti wokwera phirili akumbukire kuti ali pa malo amene eni ake amapempherapo, asatayepo zinyalala, ndipo alipire wotsogolera wake mokwanira.

Ambiri a ife mwina sitidzafika ku Lengai. Koma anzanga a ku Zomba, ku Phalombe ndi ku Balaka, popita ku tchuthi muyang'anitsitse Chisi, Tundulu ndi Kangankunde. Mapiri amenewo, amene lero pamera mitengo ndipo anthu amalima m'mbali mwake, anapangika ndi ntchito ya mtundu womwewo umene Lengai lili kugwira tsopano. Anayamba kuwalongosola ndi alendo zaka zoposa 80 zapitazo, ndipo chuma chake chili kufunidwa ndi maiko ambiri. Dziko lathu lifuna ana ake amene adzadziwe kuwerenga miyala imeneyi okha, ndipo phunziro limenelo liyambira m'kalasi ya Jogalafe ndi ya Sayansi imene tikhalamo tsiku ndi tsiku.